Francis Woyera, Munthu Wodzicepetsa

Anthu a ku Katete, Sinda ndi Vubwi adziwa bwino cipatala ca St Francis, koma mwini dzinali ambiri samdziwa. Francis anabadwira ku Assisi, m'dziko la Italy, ca m'ma 1181. Atate wace anali wolemera ndi malonda a nsalu, koma iye anasiya cuma conseco nayamba kutumikira akhate.

Akale asimba kuti pa Lenti wina anakabindikira yekha pacilumba ca m'nyanja ya Trasimeno, atatenga mikate iwiri. Pa masiku 40 onsewo anadya theka la mkate umodzi lokha, ndipo thekalo analidya poopa kuti angadzitame kuti walingana ndi Yesu pa kusala kudya.

Pamene amuna ndi akazi a pabanja anafuna kusiyana kuti amtsate, iye anawaletsa. Ca m'ma 1221 anawapatsa malangizo a kupemphera, kusala kudya ndi kuyanjana ali m'nyumba zao zomwe. Iye mwini sanakhale wansembe, anatsala dikoni kufikira imfa yace pa 3 Okutobala 1226.

Wosala kudya pa Lenti namazunza mnzace wa m'banja, akumbukire theka la mkate lija.