Hugh Tracey, munthu amene anasunga mawu a bangwe

Abale anga kuno ku Doha, mukamva oud ikulira madzulo ku Souq Waqif, kodi simukumbukira bangwe kapena kaligo wa agogo kumudzi? Ambiri a zoimbira zathuzi anadyedwa ndi chiswe. Koma mawu ake sanafe onse, chifukwa cha bambo wina dzina lake Hugh Tracey.

A Tracey anabadwira ku Devon, ku England, mu 1903. Mu 1921 anapita ku Southern Rhodesia, komwe lero ndi Zimbabwe, kukathandiza mkulu wawo kulima fodya. Aphunzitsi awo a nyimbo anali anthu ogwira ntchito pa famupo, anthu a makasu ngati ife tomwe. Kwa iwowo anaphunzira Chikaranga ndi nyimbo zake, pa nthawi imene azungu ambiri ankaziona ngati phokoso chabe.

Mu 1929 anatenga anyamata 14 kupita nawo ku Johannesburg kuti akajambulidwe nyimbo. Pambuyo pake anayamba kuyenda okha m'midzi ndi makina ojambulira mawu. Ku Nyasaland anafikako mu 1950, 1957 ndi 1958, n'kujambula oimba bangwe ndi zoimbira zina. Bangwe ndi thabwa lokungidwa nsambo, ndipo nthawi zambiri amalilowetsa m'chikho kapena m'chitini kuti mawu akule.

Mu 1954 anakhazikitsa International Library of African Music ku Roodepoort, nyumba yosungiramo nyimbo ndi zoimbira zakale. Anatulutsa mbale zoposa 200 zotchedwa Sound of Africa. Anamwalira mu 1977, ndipo mu 1978 mwana wawo Andrew anasamutsira chumachi ku Rhodes University, mumzinda wa Grahamstown umene tsopano ndi Makhanda.

Tisabise, zonsezi zinachitika m'nthawi ya atsamunda. Dzina lotchuka linakhala la wojambula, osati la oimba, ndipo kwa zaka zambiri adzukulu a oimbawo sanamveko mawu a makolo awo. Masiku ano nyimbozo anaziika pa kompyuta, ndipo zina akuzibweza kumadera kumene zinachokera.

Choimbira chotsekeredwa m'kabati chili ngati mbewu yosiyidwa m'nkhokwe mpaka anankafumbwe aimalize. Mukaimba foni kumudzi sabata ino, funsani ngati bangwe wa agogo akadalipo. Ngati alipo, auzeni amutsitse patsindwi, amukunge nsambo zatsopano, ana amugwire ndi kuphunzira.