Bambo Adam Kozłowiecki

Bambo Adam anabadwira ku Poland mu 1911. Anali wansembe. Pa nthawi ya nkhondo, asilikali a ku Germany anawatsekera m'ndende zaka zisanu. Anavutika maningi ndi njala, koma sanasunge cakukhosi. Anakhululuka.

Mu 1946, anabwera ku Kasisi, pafupi ndi Lusaka. Mu 1959, anakhala bishopu wamkulu woyamba wa Lusaka. Patapita zaka 10, anasiya mpando wao kuti mwana wa m'Zambia atsogolere mpingo. Iwo anapita kukatumikira anthu a kumidzi modzicepetsa.

Anamwalira mu Lusaka mu 2007.

Mafunso
1. Kodi Bambo Adam anasiyiranji mpando wao?
2. Nanga iwe, umacita ciani mnzako akakulakwira?