Marie Curie ndi Digiri Yake ya Fizikisi

Maria Skłodowska adabadwa pa 7 Novembala 1867 mumzinda wa Warsaw ku Poland. Atate ake anali mphunzitsi wa masamu ndi fizikisi, ndiye kuti maphunziro a za kutentha, kuŵala, magetsi ndi kayendedwe ka zinthu. Amayi ake adamwalira ndi chifuŵa chachikulu iye ali ndi zaka 10.

Maria adatsiriza sukulu ya sekondale ali ndi zaka 15, ndipo adalandira mendulo ya golide. Koma masiku amenewo yunivesite ya ku Warsaw sinkalandira akazi. Kunja kokaphunzira kunaliko, koma ndalama panalibe. Choncho Maria adapangana ndi mkulu wake Bronia. Bronia adatsogola kupita ku Paris kukaphunzira udokotala, pamene Maria adaloŵa ntchito yophunzitsa ana a anthu olemera namatumizira mkulu wakeyo gawo la malipiro ake. Adadikira zaka zingapo, ndipo usiku ankaŵerenga yekha mabuku a sayansi.

Mu 1891 nthaŵi yake idakwana. Adapita ku Paris nalembetsa pa yunivesite ya Sorbonne, ndipo kumeneko adayamba kudzitcha Marie. Poyamba adakhala kwa Bronia, koma kunali kutali ndi sukulu, ndiponso alendo sankatha pakhomopo. Tsono adapeza kachipinda kakang'ono pamwamba penipeni pa nyumba yosanja. M'nyengo yachisanu madzi ankauma gwa! m'beseni. Pogona ankafunda zovala zake zonse. Chakudya chake nthaŵi zambiri chinali buledi ndi tiyi basi, kotero kuti tsiku lina adakomoka ndi njala. Kalasi nalo silinali lapafupi, pakuti anzake a ku France anali atamsiya kutali pa masamu. Iye sadadandaule, adangoonjezera maola oŵerenga.

Mu 1893 mayeso adafika. Potchula maina a opambana, dzina loyamba linali la mtsikana wa ku Poland uja. Chaka chotsatira adalandiranso digiri ya masamu, ndipo adakhala wachiŵiri.

Mu 1895 adakwatiwa ndi Pierre Curie, katswiri wa fizikisi. Mu 1898 aŵiriwo adatulukira polonium, imene adaitcha potengera dziko la kwao kwa Marie, ndiponso radium. Mu 1903 adalandira mphotho ya Nobel pamodzi ndi Henri Becquerel. Pierre atamwalira pogundidwa ndi ngolo mu 1906, Marie adatenga malo ake nakhala mkazi woyamba kuphunzitsa pa Sorbonne. Mu 1911 adalandira Nobel yachiŵiri.

Cheza chimene adagwira nacho ntchito zaka zambiri chidaononga magazi ake, ndipo adamwalira pa 4 Julayi 1934. Makope amene ankalembamo akadatulutsabe cheza chimenechi, ndipo amasungidwa ku Paris m'mabokosi a mtovu.