Thomas Baines, Wojambula Mathithi a Mosi-oa-Tunya

Thomas Baines anabadwa pa 27 Novembala 1820 m'tauni ya King's Lynn ku England. Ali mnyamata anaphunzira nchito yokongoletsa ngolo ndi utoto, ndipo m'menemo dzanja lake linazolowera kujambula. M'caka ca 1842 anakwera combo napita ku Cape Town, kumene anayamba kudzisunga mwa kugulitsa zithunzi za mapiri, zombo ndi anthu. Pambuyo pake anajambula nkhondo ya pakati pa Angerezi ndi Axhosa, ndipo mu 1855 anapita ndi Augustus Gregory kukafufuza kumpoto kwa Australia.

M'caka ca 1858 anasankhidwa kukhala wojambula zithunzi ndiponso wosunga katundu pa ulendo wa David Livingstone wa pa mtsinje wa Zambezi. Ku Tete malungo anamgwira kawirikawiri, ndipo ali wofooka motero ananamiziridwa kuti anaba katundu wa ulendowo. Baines anakana mlanduwo napempha kuti uweruzidwe poyera, koma Livingstone anamcotsa nchito mu 1859 asanafike ku mathithi amene analakalaka kuona. Dzina lake linaipa, koma iye sanataye mtima.

Mu 1861 ananyamuka ku Walvis Bay pamodzi ndi James Chapman, nadutsa m'maiko ouma a Namibia ndi Botswana wa lero. Panjira anajambula milambe ya ku Nxai Pan imene mpaka lero imachedwa ndi dzina lake. Mu Julaye 1862 anafika pa Mosi-oa-Tunya, najambula madzi, nkhungu, utawaleza ndi njati za m'nkhalango ya pafupi. Zithunzizo zinasindikizidwa m'buku ku London mu 1865, ndipo anthu ambiri a ku Ulaya anaona mathithiwo koyamba kupyolera m'maso mwake.

M'zaka zake zomaliza anafunafuna golide, ndipo mu 1871 mfumu Lobengula inamlola kukumba m'dziko lake; koma cuma sanacipeze. Anamwalira ali wosauka ku Durban pa 8 Meyi 1875 ndi nthenda ya kamwazi.

Zithunzi zake zambiri zikusungidwa ku Royal Geographical Society mu London ndi ku National Archives of Zimbabwe mu Harare. Zimaonetsa mabwato, zovala ndi midzi ya m'mbali mwa Zambezi monga mmene mlendo anazionera. Mphunzitsi wanzeru azionetse kwa ana, koma awafunsenso cimene eni dziko akadajambula akadapatsidwa utotowo.