Isabella Bird, mayi amene anaphunzira kujambula zithunzi ali ndi zaka 60

Ambirife timaona ngati munthu akafika zaka 60 ndiye kuti zake zatha, chatsala n'kukhala pakhonde n'kumalera zidzukulu. Mbiri ya Mayi Isabella Bird ikutitsutsa pamenepa.

Mayiwa anabadwa mu 1831 ku Yorkshire m'dziko la England, ndipo anakula akuvutika ndi msana. Dokotala atawalangiza kuti akapitidweko mphepo ina, mu 1854 anakwera sitima ya pamadzi kupita ku America. Umo ndi mmene anayambira kuyenda. Pambuyo pake anafika ku Hawaii, ku mapiri a Rocky ndi ku Japan. Zimene ankaona ankalembera mng'ono wawo Henrietta, ndipo makalatawo ndi amene ankasanduka mabuku.

Kenaka maliro anatsatizana. Henrietta anamwalira mu 1880. Chaka chotsatira mayiwa anakwatiwa ndi Dr John Bishop, koma nawonso anamwalira mu 1886. Anatsala okha, opanda mwana, opandanso womulembera makalata. Chuma chokhalira pansi anali nacho, koma sanakhale.

Mu 1892, chaka chomwe anakhala mmodzi mwa akazi oyamba kulandiridwa m'bungwe la Royal Geographical Society, analowa m'kalasi ku London kukaphunzira kujambula zithunzi. Tisaiwale kuti ameneyu anali kale mlembi wotchuka, komabe analola kukhala wongoyamba kumene.

Ife lero timangodina foni chithunzi n'kutuluka. Masiku amenewo kamera inali chikatundu cholemera choimika pa miyendo itatu, ndipo chithunzi chinkafuna kutsukidwa ndi mankhwala mumdima. Kuyambira 1894 mpaka 1897 mayiwa anayenda nayo kamera yotere ku Korea, Japan ndi China. Ali m'boti pamtsinje wa Yangtze, ankadikira usiku, n'kutseka ming'alu ya kachipinda kawo ndi mabulangete kuti kuwala kusalowe, ndipo zithunzizo ankazitsukuluza ndi madzi a mumtsinje womwewo.

Ulendowo sunali wa masewera. M'chigawo cha Sichuan anthu ena amene sankafuna alendo anawagenda, mwala n'kuwapeza m'mutu. Atapezako bwino anapitiriza ulendo. Zotsatira zake ndi mabuku monga The Yangtze Valley and Beyond la 1899 ndi Chinese Pictures la 1900, momwe muli zithunzi za milatho, misika, akachisi ndi amalinyero okoka maboti. Zambiri mwa zinthu zimenezi zinasintha kalekale, koma tikuzionabe chifukwa mayi wachikulire anavomera kuphunzira.

Mu 1901, akuyandikira zaka 70, anayenda pa hatchi ku Morocco mpaka ku mapiri a Atlas. Anamwalira ku Edinburgh pa 7 Okutobala 1904, akukonzekera ulendo wina wa ku China.

Pakati pathu pali aphunzitsi, amalonda ndi ogwira ntchito m'boma amene apuma kapena atsala pang'ono kupuma. Ayenda malo ambiri ndipo akudziwa mmene mudzi wathu unalili msewu usanafike. Zimenezi zikapanda kulembedwa kapena kujambulidwa, zidzapita nawo kumanda. Kope ndi foni n'zokwanira kuyambira. Inu ophunzira, tchuthi chikubwerachi khalani pansi ndi agogo anu, muwaonetse kajambulidwe, iwo akuuzeni choyenera kujambula.