Vercingetorix, Mfumu ya Aarverni

Pakati pa dziko limene lero likutchedwa France pali dera lamapiri lotchedwa Auvergne. Dzinali ndi chotsalira cha mtundu wa Aarverni, umene unali umodzi mwa mitundu yamphamvu ya m'dziko la Gaul. Akatswiri ambiri a zilankhulo amati dzina la Aarverni linachokera ku mawu awiri achigaul: "are", kutanthauza pafupi, ndi "verno", dzina la mtengo wokonda kumera m'madambo. Choncho iwo anali anthu okhala pafupi ndi mitengo ya m'madambo. Ufumu wao unafooka m'chaka cha 121 B.C. pamene Aroma anagonjetsa mfumu yao Bituitus.

Mu mtundu umenewu ndi momwe munabadwa Vercingetorix. Dzina lakelo lili ndi zigawo zitatu: "ver", wamkulu, "cingeto", wankhondo, ndi "rix", mfumu. Tanthauzo lake ndi mfumu yaikulu ya ankhondo. Atate ake, a Celtillus, anaphedwa ndi anthu a mtundu wao womwe chifukwa chofuna kulonga ufumu.

M'chaka cha 58 B.C. Julius Caesar analowa m'Gaul ndi asilikali ake. Ntchito yake inapepuka chifukwa mitundu ya kumeneko inali yosamvana. Ina inkathandiza Aroma pofuna kupweteka anansi ao. Mu 52 B.C., Vercingetorix, akadali mnyamata, anayamba kumema anthu kuti aukire. Akuluakulu, motsogozedwa ndi mbale wa atate ake, Gobannitio, anaopa ndipo anampirikitsa mu mzinda wa Gergovia. Iye sanafooke. Anasonkhanitsa amphawi a m'midzi, nabwerera, nalanda mzindawo, ndipo anamlonga ufumu.

Podziwa kuti Aroma sakanagonjetseka pa nkhondo ya maso ndi maso, anafuna kuwapha ndi njala. Analamula kuti midzi ndi nkhokwe zitenthedwe, ndipo mizinda yoposa 20 ya mtundu wa Bituriges inapsa tsiku limodzi. Koma eni ake anamdandaulira kuti asiye Avaricum, mzinda wao wokongola umene lero ndi Bourges. Iye anavomera monyinyirika. Chifundo chimenechi chinapha anthu. Caesar analanda mzindawo, ndipo monga mwa kulemba kwake, mwa anthu pafupifupi 40,000 anapulumuka ndi 800 okha.

Pa Gergovia zinthu zinatembenuka. Caesar anagonja, nataya asilikali pafupifupi 700 ndi akapitawo 46. Mbiri itamveka, ngakhale Aedui, abwenzi akale a Roma, analowa mbali ya Vercingetorix.

Chimwemwe chimenechi sichinakhalitse. Asilikali ake a pa akavalo atagonja, anathawira pa phiri la Alesia. Caesar anamanga malinga awiri kuzungulira phirilo: limodzi lotsekera a m'kati, lina lotchinga obwera kudzathandiza. Chakudya chitachepa, amayi, ana ndi nkhalamba anatulutsidwa mu mzinda, koma Aroma anakana kuwalandira, kotero anasiyidwa ndi njala pakati pa magulu awiriwo. Gulu lalikulu lankhondo linafikadi kuchokera ku mitundu yambiri, koma linalephera kuboola malingawo.

Poona kuti palibenso chiyembekezo, Vercingetorix anadzipereka kwa Caesar. Anakhala m'ndende ku Roma mpaka 46 B.C., pamene anamuyendetsa m'misewu pa chikondwerero cha kupambana kwa Caesar, kenaka namupha.

Zambiri zimene zikudziwika za iye zinalembedwa ndi Caesar, mdani wake, choncho ziyenera kuwerengedwa mosamala. Komabe ngakhale mdaniyo sanabise luntha la mnyamata amene anagwirizanitsa mitundu yodana, ngakhale kuti umodziwo unafika mochedwa. Mu 1865 Napoleon III anaimika chifanizo chake chachikulu pa Alise-Sainte-Reine, pamalo pamene panali Alesia.

Gawo lotsatira lidzafotokoza za Boudica, mfumukazi imene inaukira Aroma ku Britain.