Bruce Lee: mnyamata wa ndeu amene makolo anam'thawitsa mu tauni

M'makomboni mwathu muno mu Lusaka, mwana akangoponya mwendo m'mwamba anzake amamucha Bruce Lee. Ambili mwa ana amenewa sanaonepo filimu yake ngakhale imodzi, dzina cabe analitola kwa atate ao amene anali kulipila ndalama kuti aonelele vidiyo m'tunyumba twa pa msika. Ine ndafuna tikambeko za munthu mwiniwake, cifukwa makolo ambili amene ndimaceza nao pa nchito yanga amaopa kuti mwana akaphunzila karate kapena judo adzasanduka cigawenga.

Lee anabadwa pa 27 November 1940 ku San Francisco, pomwe atate ake, amene anali kucita masewelo a zisudzo, anali paulendo ku America. Anakulila ku Hong Kong, tauni yopanikizana, yodzala ndi magulu a anyamata olimbilana misewu. Nayenso anali m'gulu. Atamenyedwa, anapita kukaphunzila Wing Chun kwa mphunzitsi Ip Man. Kumeneko sikunali kopepuka: ophunzila ena anakana kucita naye maseŵela atamva kuti amai ake anali ndi magazi a cizungu, motelo anali kuphunzitsidwa payekha ndi Wong Shun Leung, mmodzi wa ophunzila akulu.

Apa ndisakunamizeni, makolo. Maphunzilowo sanamuletse ndeu. Anangoyamba kupambana. Mu 1958 anawina mpikisano wa nkhonya wa masukulu, ndipo caka comweco anawinanso mpikisano wa gule wa cha-cha, koma ndeu za mumseu zinapitilila mpaka apolisi analoŵelelapo. Mu 1959 makolo ake anamukweza sitima ya pamadzi kupita ku America, ali ndi zaka 18.

Cimene cinatsala mwa iye cinaonekela kumeneko. Ku Seattle anali kupelekela zakudya mu lesitilanti ya Ruby Chow, kugona pamwamba pa lesitilantiyo, kumaliza sukulu, kenako n'kulowa University of Washington. Panthawi yomweyo anayamba kuphunzitsa ena, ndipo sanasankhe khungu. Wophunzila wake woyamba, Jesse Glover, anali munthu wakuda. Amene anam'kana ku Hong Kong anam'patsa phunzilo limene iwo sanafune kupeleka. Mu 1964 anakwatila Linda Emery, nayenso wophunzila wake.

Nthawi imene ine ndimaona kuti ndiyo ikulu pa umoyo wake si ya mafilimu iyai. Ndi 1970, pomwe anavulala msana ponyamula zitsulo. Munthu amene cakudya cake cinali kucokela m'thupi, ali ndi mkazi ndi ana aŵili, anagona miyezi osakwanitsa kuponya mwendo. Ena apa ndiye poyambila moŵa. Iye cizoloŵezi cija ca tsiku ndi tsiku anacisamutsila ku mabuku ndi colembela, kuŵelenga za nkhonya ndi nzelu za anthu akale, kulemba zimene anali kuganiza pa njila yake yomenyela ya Jeet Kune Do. Zolembazo zinatuluka ngati buku mu 1975, iye atamwalila kale. Msana sunaleke kuŵaŵa, koma anabwelela ku maseŵela.

Ku Hollywood anali atam'patsa malo a Kato mu The Green Hornet, wothandizila mzungu. Anabwelela ku Hong Kong, tauni ija anacokamo mothawa, napanga The Big Boss mu 1971, Fist of Fury ndi The Way of the Dragon mu 1972. Manje misewu yomweyo inali kudzala ndi anthu ofuna kumuona.

Koma kulimbikila kumeneko kunalibe mabuleki. Anali kugwila nchito mopitilila, ndipo mu May 1973 anakomoka ali ku studio. Pa 20 July caka comweco anamwa mankhwala a mutu, anagona, osaukanso. Madokotala anapeza kuti ubongo unatupa. Anali ndi zaka 32 cabe, ndipo Enter the Dragon, filimu imene inafikitsa dzina lake mpaka ku Matero ndi Chawama, inali isanayambe kuonetsedwa.

Anaikidwa ku Seattle, kumene anayambila kuphunzitsa. Pambali pake pagona mwana wake Brandon, amene anafa mu 1993 pa ngozi ya mfuti pojambula filimu, ali ndi zaka 28.